Mgaiwa pamwamba pa wonga mu .375 H&H: ndiwombere kapena ndiphwasule?

Mlonda_Lephalale
Moni nonse akuluakulu. Ndili ndi funso, ndipo ndikupempha amene akuzidziwadi andiyankhe ndisanachite zodzanong'oneza nazo bondo. Ndimagwira ntchito pa famu ya nyama zakutchire kuno ku Limpopo. Mapepala okhalira kuno ndili nawo, ndipo laisensi ya mfuti yanga ya .375 H&H inatuluka chaka chatha. Zipolopolo za m'sitolo zadula kwambiri, komanso ndikawombera khumi motsatizana phewa limachita kuwawa mpaka mawa lake. Ndiye ndayamba kudzaza ndekha zipolopolo pa makina a abwana anga, ndipo ndikufuna zopepuka, za mtovu, zongophunzirira pa chandamale.

Vuto ndi ili. Wonga ukachepa, m'chigoba (kabotolo kachitsulo kosungira wonga kumbuyo kwa chipolopolo) mumatsala malo aakulu. Ukagwedeza pafupi ndi khutu umachita kuumva ukuseweramo. Bambo wina wa famu yoyandikana nafe wandiuza kuti malemu bambo ake ankathira ufa wa chimanga pamwamba pa wonga mpaka m'khosi mwa chigoba, kenako n'kutsindira ndi chipolopolo, kuti wonga ukhale phee pafupi ndi praima, kabatani ka pansi pa chigoba kamene kamayatsa wongawo. Lamulungu ndinadzaza 20 mwa njira imeneyi, ndi mgaiwa wathu womwewu. Sindinawombereko ngakhale chimodzi, mtima ukukana. Ndipite nazo ku chandamale Loweruka?

NaMbewe_Leeds
Achimwene, musawombere. Ndili kuntchito, ndilemba bwino madzulo, koma pakadali pano ziikeni padera ndipo mulembepo chizindikiro kuti wina asazitenge.

Mtovu_SouthBend
Ndikugwirizana ndi achemwali. Ine ndimagwiritsa ntchito zodzazira malo, ndipo ndizinena pansipa, koma mgaiwa mu chigoba cha mapewa ayi. Chigoba cha .375 n'chotakata kumunsi, n'kudzapanikizika pa khosi. Ufa ukakankhidwa ndi moto kuchokera kumbuyo uyenera kudutsa pa khosi pamenepo, ndipo suyenda ngati madzi. Umaumbika n'kukhala chotsekera cholimba. Presha imakwera, ndipo palibe buku limene lingakuuzeni kuti yakwera kufika pati, chifukwa miyeso ya m'mabuku anaiyeza popanda ufa wanuwo.

Mlonda_Lephalale
Zikomo. Koma mapewa a .375 H&H ndi otsetsereka pang'ono chabe, si ngati a .243 kapena .300 Win Mag. Bambo uja anatchulanso zimenezi, akuti ufa umangotsetsereka.

Mtovu_SouthBend
Zoona, mapewa ake ndi ofatsa, chigobacho n'cha 1912, anachipanga chotsetsereka kuti chizituluka mosavuta kumadera otentha. Koma tengani chida choyezera chotchedwa kaliper muyeze kukula kwake kumunsi, muyezenso pa khosi. Kusiyanako kulipobe, ndipo ufa wonse uyenera kufinyidwa kuti udutse. Chachiwiri, chitani ichi: phwasulani chimodzi, mupatule mgaiwawo muuike pa sikelo. Mutiuze.

Mlonda_Lephalale
Ndaphwasula chimodzi. Mgaiwa wapitirira pang'ono magireni 30 (gireni ndi muyeso wa kulemera kwa wonga ndi zipolopolo). Chipolopolo changa ndi cha magireni 250. Komanso ndaona kuti pansi pake ufa wina wasakanikirana ndi wonga, sizinakhale m'magawo awiri monga ndinaziikira.

Mtovu_SouthBend
Ndi zimenezotu. Wongawo sudziwa kuti uwu ndi ufa, ichi ndi chipolopolo. Zonse zili kutsogolo kwake ndi katundu woti ukankhe. Ndiye mukuganiza kuti mukuwombera 250 pamene mukuwombera 280, ndiponso mwachotsa malo onse amene mpweya wa moto ukanayamba kufutukukira. Zinthu ziwiri zonsezi zimakweza presha. Onjezanipo kusakanikiranako: chipolopolo chilichonse chidzayaka mwakemwake malinga ndi mmene chagwedezekera pa galimoto.

Mdala_wa_Mchinji
Ana anga, ndilowererepo ngakhale zamakina anuwo sindizidziwa. Ine ndinakula ndi gogodela ya agogo anga aamuna, cha m'ma 1960. Wonga wakuda, kenako kansanza kapena luzi lofewa, kutsindira ndi ndodo, kenako chipolopolo, kutsindiranso. Lamulo lawo linali limodzi, ndipo ankalinena mokalipa: chipolopolo chifike pansi, chikhale pa wonga, pasatsale mpata. Ankalemba chizindikiro pa ndodo yotsindira kuti adziwe kuti chafikadi.

Malume anga ena anachita changu tsiku lina nguluwe zitalowa m'munda. Mpope unali wakuda ndi mwaye, chipolopolo chinakakamira pakatikati, iwo sanayang'ane chizindikiro. Mfuti inang'ambika pomwe panali chipolopolocho. Zala ziwiri za kumanzere zinapita, ndipo khasu ankaligwira movutikira mpaka imfa yawo. Ndiye ine ndikamva kuti m'chigoba mwatsala malo, thupi limachita tsembwe. Mwina n'chifukwa chake mnzanuyo akuti mudzazemo ufa. Kodi si nzeru yomweyo ya makolo?

NaMbewe_Leeds
Agogo, funso lanu ndi limene lili pa mtima pa nkhani yonseyi, ndipo pepani za malume anu. Ndafika kunyumba tsopano, ndilembe mwachifatse.

Wonga wakuda ndi wonga wamakono wopanda utsi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Pa wonga wakuda lamulo la agogo anu n'loona mpaka lero, mu gogodela ngakhale mu zigoba: pasatsale mpata. N'chifukwa chake zigoba zakale ndi zikuluzikulu. .45-70 imene ndimawombera ku kalabu kuno inayamba mu 1873, ndipo 70 ameneyo ndi magireni a wonga wakuda amene ankadzaza chigoba chonse. Wonga wopanda utsi utabwera, unali wamphamvu kwambiri moti wochepa chabe unkakwanira. Malo otsala anayambira pamenepo. Ndipo pa wonga wamakonowu, malo otsala paokha si mlandu. Zipolopolo zambiri za m'sitolo ukazigwedeza zimalira, ndipo zili bwinobwino.

Choopsa ndi mtundu wa mpatawo. Pali munthu wina wa ku France, Paul Vieille, yemweyo amene anapanga wonga woyamba wopanda utsi wogwiritsidwa ntchito ndi asilikali, Poudre B, mu 1884. Iye anafufuza zimene zimachitika wonga ukaunjikana mbali imodzi ya chotengera chachitali, kwinako kuli mpweya wokha. Anapeza kuti presha siyikwera mofanana paliponse. Mpweya wa moto umathamanga m'malo opanda kanthuwo, n'kukamenya kumapeto, ndipo pamene wamenyapo presha imakwera kwambiri kuposa kwina konse, kwa kanthawi kochepetsetsa. M'chigoba, kumapeto kumeneko ndi pansi pa chipolopolo.

Tsono taganizani munthu amene watenga kathonje, kapepala ka kuchimbudzi kapena kakatoni, wakatsindira pansi pa wonga ndi pensulo kuti wonga ukhale pa praima, n'kusiya mpata pakati pa kotsekerako ndi chipolopolo. Wapanga ndendende zimene Vieille ankafotokoza. Chitsulo cha chemba (malo a mu mpope amene chigoba chimakhalamo) pamalo pamene pali matako a chipolopolo chimatupa mozungulira, kamphete kamakumbika m'kati. Achingerezi amati chamber ringing. Mfuti siyiphulika nthawi zambiri, koma yawonongeka. Chigoba chimafufumira m'kamphete kaja, ndipo kuchitulutsa imakhala ndewu.

Ku America kunali mkulu wina wa mfuti za mpikisano wa chandamale zotchedwa Schuetzen, Charlie Dell, amene anayesa zimenezi mwadala, n'kuzilemba m'buku lake ndi Wayne Schwartz, The Modern Schuetzen Rifle. Ankatha kupangitsa kamphete nthawi imene wafuna. Chimene chinandidabwitsa ine n'chakuti ankakapangitsanso popanda chotsekera chilichonse, pongolozetsa mfuti kumwamba kuti wonga ukhale pansi mosalala ngati madzi m'kapu. Kutanthauza kuti mlandu waukulu si thonjelo ayi, koma wonga woima chilili ndi nkhope yosalala, kutsogolo kwake kuli mpata.

Ndiye agogo, malume anu ndi munthu wa kathonje kotsindira anagwa m'dzenje limodzi. Koma mankhwala a mgaiwa amatseka dzenjelo n'kukumba lina.

Mdala_wa_Mchinji
Mwandiphunzitsa mwana wanga. Zaka zonsezi ndimangodziwa kuti mpata ndi woopsa, chifukwa chake sindinkachidziwa.

Chipembere_Mfuwe
Ba Mlonda, bwanji. Ine nagwira nchito na ma PH (akatswili osaka nyama amene amapelekeza alendo) muno mu Luangwa zaka zambili, nimanyamula na kusamalila mfuti zao. Nifuna kukamba mbali ina, cifukwa apa cikumveka monga vodzazila vonse ni voipa. Mfuti za mipope iwili, .470 Nitro Express, .500, .450/400, ambili amene amadzaza okha amaikamo kafomu kapena Dacron, ulusi uja wa mu mapilo. Ngakhale va kampani ya Kynoch vogula mu bokosi, ukaphwasula upeza kafomu mukati. Manje ngati kampani yeniyeni icita, ise tingakambe bwanji kuti ni coipa?

NaMbewe_Leeds
Achimwene a ku Mfuwe, simunaname. Zigoba za Nitro Express anazipangira cordite, wonga wooneka ngati timitengo tatitali timene tinkadzaza chigoba. .470 inatuluka mu 1907, chipolopolo cha magireni 500 pa liwiro la mafiti pafupifupi 2,150 pa sekondi. Cordite kulibenso masiku ano. Mitundu ina ya wonga wamakono, monga Reloder 15, imafikitsa liwiro lomwelo koma imasiya malo, ndipo m'chigoba chachikulu choncho kuyaka kumatha kuchedwa kapena kusiyanasiyana. Pa mfuti ya mipope iwiri liwiro likasintha, mipope iwiriyo imasiya kumenya pamodzi, ndipo njati ikabwera simufuna zimenezo.

Koma onani kusiyana kwake. Kafomuko n'kopepuka kwambiri, ndipo kamadulidwa kotalikirapo kuposa mpata, moti chipolopolo chikamalowa chimakafinya. Kamakhudza wonga kumunsi, kamakhudza chipolopolo kumtunda. Mpata palibe. Ndiponso miyeso imeneyo inayesedwa presha pamodzi ndi kafomuko. Graeme Wright wa ku Australia, m'buku lake Shooting the British Double Rifle, anaika miyeso yoyesedwa pa makina a presha, osati yongomva pa phewa. Amene amatsata zimenezo akuyenda m'njira imene ena anaipima kale. Achimwene a ku Lephalale ali m'tchire lopanda njira.

Chipembere_Mfuwe
Namvela. Ni zoona, bwana wanga wakale anali kudula mafomu onse na muyeso umodzi, ndipo sanali kulola munthu kusintha olo pang'ono. Nikumbuka tsiku lina ninafuna kumuthandiza, ninadula tufupi, anataya tonse mu bini.

Mtovu_SouthBend
Popeza tafika pa Dacron, ndinene zanga, zabwino ndi zoipa zomwe.

Dacron ndi ulusi wa poliyesita, womwe uja amaika m'mapilo ndi m'zidole. Ndimagwiritsa ntchito mu .30-06 ndi mu .303 British ya zipolopolo za mtovu, pokhapokha ndi wonga wa liwiro lapakati, pamene watsala malo ambiri. Ndimayeza kachidutswa kosafika ngakhale gireni imodzi ndi theka, ndimakafutukula kakhale kotayirira ngati mtambo, ndimakalowetsa pang'onopang'ono osatsindira, n'kusiya kena katatuluka pa khosi kuti chipolopolo chenichenicho ndicho chikakankhire pansi. Chronograph yanga, kachipangizo koyezera liwiro la chipolopolo, imasonyeza kuti liwiro limafanana bwino kuposa popanda. Ndachita izi zaka zoposa khumi.

Tsono choipa. Pachiyambi penipeni sindinkadziwa kusiyana kwa chodzazira ndi chotsekera. Mkulu wina ku kalabu anandionetsa kukulunga kampira ka Dacron n'kukatsindira pa wonga ndi ndodo. Ndinali ndi mfuti yakale ya chipolopolo chimodzi, .38-55, chitsulo chake chofewa cha makedzana. Inali ya apongozi anga aamuna, anandipatsa ndi manja awo. Pa zipolopolo mazana awiri zoyamba panalibe vuto. Kenako zigoba zinayamba kulimba potuluka. Ndinaganiza kuti ndi litsiro, ndinatsuka. Tsiku lina chigoba chinakaniratu mpaka ndinachigogoda ndi ndodo kuchokera kutsogolo, ndipo nditachiyang'ana pa dzuwa ndinaona mzere wowala wozungulira, pamalo enieni pamene pamathera chipolopolo. Mmisiri wa mfuti atasuzumira ndi kagalasi kake anangopukusa mutu. Panafunika kuikamo mpope wina wam'kati, ndalama zambiri, ndipo mfutiyo sinalinso ija apongozi anandipatsa. Kuwauza kunandivuta kuposa kulipira.

Chimene ndikufuna mumve n'chakuti kamphete sikachenjeza. Praima imaoneka bwino, phewa silimva kusiyana, chronograph siyinena kanthu. Munthu amene akuti "ndawombera kambirimbiri popanda vuto" akhoza kukhala kuti akunena zoona, ndipo mawa lake n'kuwononga mfuti.

Nyakwawa_Admin
Ndikumbutse gulu lamulo lathu: sitilemba pano kuchuluka kwa wonga pa chipolopolo chilichonse. Munthu atha kukopera molakwika nambala imodzi. Miyeso itengedwe m'mabuku a opanga wonga. Komanso aliyense atsate malamulo a dziko limene ali. Ku South Africa ndi Firearms Control Act ya 2000, ndipo mumadzaza za mfuti imene muli nayo laisensi basi. Kumudzi ku Malawi musaganize kuti zimene anzathu akuchita ku Indiana kapena ku Leeds mungangoziyamba pakhonde, kafunseni kaye ku polisi. Pitirizani.

Mphwanga_wa_Zomba
Pepani ndifunse ngati mwana. Ine mfuti ndilibe, ndimangokonda kuwerenga. Ngati malo otsala si vuto pa wonga wamakono, anthu amavutikiranji ndi zodzazirazi? Osangosiya bwanji?

Mtovu_SouthBend
Funso labwino mphwanga. Mfuti ikagona chopingasa, wonga wochepa umayala pansi pa chigoba ngati mchenga mu botolo logoneka. Ukaweramitsa mfuti usanawombere, umathawira kutsogolo, kutali ndi praima. Ukaidzutsa, umabwerera kumbuyo. Mitundu ina ya wonga siyisamala zimenezi, ina imasamala kwambiri: liwiro limasiyana, chipolopolo china chimenya m'mwamba china m'munsi, ndipo nthawi zina umamva "tchwa" kenako "phuu" mochedwerapo. Choipitsitsa ndi pamene wonga wayaka mwa theka, chipolopolo n'kuima m'kati mwa mpope. Ukaponyanso china pambuyo pake osayang'ana, ndiye ngozi ija ya malume a agogo athu.

Ambiri amathana nazo mosavuta: asanawombere amadzutsa kamwa la mfuti pang'ono, molunjika kumalo otetezeka, n'kuitsitsa mofatsa. Pa chandamale zimatheka.

NaMbewe_Leeds
Ndiwonjezere ziwiri zimene zimavulaza anthu ambiri kuposa zodzazira zenizenizo, chifukwa zonse zimayambira pa kufuna zipolopolo zopepuka.

Choyamba, kuthira kawiri. Wonga wothamanga wochepa m'chigoba cha .375 umatayikamo, moti ukathira kawiri sudzaza n'komwe, diso silingaone msanga. Izi ndiye zimaphulitsa mfuti zenizeni. Ndipo ukaika chodzazira pamwamba waphimba umboni. Ine ndimaika zigoba zonse mu thireyi, ndimaunika ndi tochi chimodzichimodzi, ndisanaike china chilichonse. Foni imakhala kuchipinda china.

Chachiwiri, kuchepetsa kwambiri wonga woyaka pang'onopang'ono, uja wa ma magnum. Munthu amaganiza kuti kuchepetsa n'kotetezeka nthawi zonse. Ayi. Opanga wonga amalemba muyeso woyambira pa chifukwa, ndipo amachenjeza kuti pa mitundu imeneyi osatsika kupitirira pamenepo. Pali mbiri ya mfuti zophulika ndi wonga wochepa wamtunduwu. Achimwene a ku Lephalale, wonga umene mwathirawo, muyeso wake mwautenga kuti?

Mlonda_Lephalale
Ndinene zoona achemwali. Ndinatenga muyeso woyambira wa m'kabuku ka Somchem, opanga wonga a kuno ku South Africa, wa chipolopolo cha jekete (mtovu wokutidwa ndi mkuwa), n'kuuchepetsa ndekha kufika pamene ndinaganiza kuti phewa lipuma. Bambo uja anati ufa ndi umene udzakonze zotsalazo.

NaMbewe_Leeds
Zikomo ponena zoona, ambiri akanabisa. Ndiye pali zinthu zitatu zosayesedwa m'chigoba chimodzi: wonga wotsika pansi pa muyeso woyambira, chipolopolo cha mtovu pa muyeso wa jekete, ndi mgaiwa. Phwasulani zonse 19 zotsalazo. Wonga wosakanikirana ndi ufawo musauthirenso m'chitini.

Chipembere_Mfuwe
Nikambeko za cinyontho. Ku Lephalale kutentha monga kuno, ndipo mvula ikabwela mphepo imalema. Unga umakoka cinyontho. Amai onse adziwa unga ukakhala mu saka nthawi ya mainza umagwilana mabulumwa. Manje mu cigoba wautsindila kale. Pakapita miyezi itatu uzakhala monga mwala. Olo lelo cingalile bwino, va mu December ni vina.

Mtovu_SouthBend
Apo mwalasa. Ndinaphwasulapo zipolopolo zakale za munthu wina zokhala ndi Cream of Wheat, phala la tirigu la kuno ku America limene anthu amakonda kuthiramo. Ndinachita kukolokosa ndi msomali kuti lituluke. Linali litaumbika mawonekedwe a chigoba.

Ndikuganiza kuti ndikudziwa kumene nkhani ya bambo wa famu uja inachokera. Ufa wotere uli ndi ntchito yake yodziwika, koma ndi yosiyana. Munthu akafuna kusintha chigoba kuti chitenge mawonekedwe a chemba ina, monga ma Ackley Improved, amathira wonga wothamanga pang'ono, ufa pamwamba, n'kutseka ndi phula kapena kapepala, popanda chipolopolo. Popanda chipolopolo, ndibwerezenso. Ufawo umapereka kulemera kokwanira kufufumitsa chigoba basi. Enanso amauthira mu zigoba zowongoka zopanda mapewa ndi wonga wakuda, kuti pasatsale mpata. Mwina malemu bambo ake ankachita chimodzi mwa ziwirizi, mwana n'kuona ufa wokha osaona zina zonse.

Mayi_a_Thoko_Pretoria
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Amuna anga amadzaza .308 m'galaja ndipo mwana wathu wa zaka 15 wayamba kuwathandiza. Sabata yatha ndinapeza pilo wanga wakale atang'ambidwa, akuti akufuna usufu wa m'katimo. Pilo ameneyo ndinachokera naye kumudzi ku Nkhotakota. Tsopano ndikuwerenga izi mtima uli m'mwamba. Usufu ndi woopsa?

Mtovu_SouthBend
Mayi, usufu anthu akale ankaugwiritsa ntchito Dacron asanabwere, ndipo ena amaukondabe chifukwa ndi wopepuka ndipo susungunuka ngati pulasitiki. Lamulo lake ndi lomwe lija: wotayirira, wodzaza mpata wonse kuyambira pa wonga mpaka pa chipolopolo, osati kampira kotsindira. Chinanso, umatha kutuluka ukunyeka, ndiye pa udzu wouma wa m'chilimwe ungayatse moto. Koma funso loyamba loti muwafunse bambo ndi lakuti: muyeso umene akutsatawo unalembedwa kuti, ndipo umatchula chodzazira? Ngati sukutchula, sanauyese nacho. Ndipo .308 ndi chigoba chaching'ono, kawirikawiri sipafunika chilichonse.

NaMbewe_Leeds
Ine pano ndisiyana pang'ono ndi achimwene a ku South Bend, ngakhale ndimalemekeza zaka zawo pa ntchitoyi. Iwo dzanja lawo linazolowera, amadziwa kuti "kotayirira" ndi kotani. Mnyamata wa zaka 15 sadziwa, ndipo kusiyana kwa chodzazira chabwino ndi chotsekera choopsa kuli pa kukankha kamodzi kwa chala. Chinanso chimene chimandidetsa nkhawa ndi ulendo. Zipolopolo zikagwedezeka mu bakkie pa msewu wa fumbi makilomita 100, ndani angatsimikize kuti kaulusi kochepa kaja sikanakhale pansi, kapena wonga sunalowerere m'kati mwake? Mayi, ine ndikanati mwanayo aphunzire kaye ndi miyeso yodzaza bwino chigoba, ya m'buku, kwa zaka zingapo. Pilo abweze.

Mtovu_SouthBend
Pa mwanayo ndikuvomereza ndi mtima wonse. Pa za ulendo, n'chifukwa chake ndimaika kokwanira kuti chipolopolo chikafinye pang'ono, ndipo ndinayesapo kuphwasula nditayenda nazo, ndinapeza zili m'malo. Koma sindikakamiza munthu. Opanga wonga ambiri salimbikitsa zodzazira, ndipo mfuti ikawonongeka palibe kampani imene ingakumvereni.

Mayi_a_Thoko_Pretoria
Zikomo nonse. Ndiwawerengetsa zonsezi usiku uno, onse awiri.

Mlonda_Lephalale
Ndamva akuluakulu. Koma vuto langa loyamba lilipobe: phewa ndi thumba. Ndichite bwanji kuti ndipeze zopepuka popanda zonsezi?

NaMbewe_Leeds
Sinthani wonga, osati kuwonjezera zinthu m'chigoba. Pali mitundu imene anaipangira ntchito imeneyi. Trail Boss ndi wofufuma kwambiri, timbewu take tili ngati timadonasi, moti wolemera pang'ono umadzaza malo ambiri ndipo kuthira kawiri kumaonekera msanga. Chenjezo lake ndi lakuti sufinyidwa. Accurate 5744 amaugulitsa ngati wonga wa miyeso yochepa m'zigoba zazikulu, wosafuna chodzazira. Kampani ya Hodgdon nayonso inafalitsa njira yochepetsera wonga wa H4895 kufika pa 60 peresenti ya muyeso wapamwamba, koma pa wonga umenewo wokha, ndiponso pa zigoba zimene H4895 inalembedwa kale m'buku lawo. Musatenge lamulo limenelo n'kuliika pa wonga wina chifukwa choti akuti ndi ofanana. Kuno ku UK ina mwa mitunduyi inasiya kulowa cha mu 2018 chifukwa cha malamulo a ku Ulaya okhudza mankhwala, ndiye nafenso timasakasaka.

Kwanuko wonga wodziwika kwambiri ndi wa Somchem. Pitani ku sitolo ya mfuti ku Polokwane kapena ku Pretoria, kapena ku bungwe la alenje limene munalembetsako, mufunse muyeso wosindikizidwa wa chipolopolo cha mtovu mu .375, wa wonga umene ali nawo pa shelefu. Lyman Cast Bullet Handbook ndi buku loyenera kukhala nalo aliyense wowombera mtovu. Ngati muyeso wosindikizidwa palibe, tengani chipolopolo cha jekete chopepuka, monga cha magireni 235, pa muyeso woyambira weniweniwo. Phewa lidzamva kusiyana ndi cha 300.

Chipembere_Mfuwe
Na ici: ma PH ambili amene nawaona saphunzilila na mfuti ikulu masiku onse. Amatenga .22, amawombela mazana, pa ndodo zitatu zija zotsamizilapo mfuti, kuimilila, kugwada. Ikulu amaigwila kangapo cabe kuti dzanja isaiwale. Ndalama zipulumuka, phewa ipulumuka. Gulaninso kapilo ka pa phewa, kaja komanga na lamba.

Mdala_wa_Mchinji
Mwana wanga wa ku Lephalale, ndikupemphe chinthu chimodzi. Bambo wa famu uja ukamuuze mwaulemu zimene wamva kuno. Usakamunyoze, anakuuza ndi mtima wabwino, ndipo akukumbukira bambo ake. Koma mwina pali mnyamata wina amene wamuuzanso zomwezo.

Mlonda_Lephalale
Ndabwerera. Dzulo madzulo ndaphwasula zonse 19 ndi kahamala kochotsera zipolopolo. Pa zinayi ufa unali utayamba kale kugwirana pa khosi, unatuluka ngati kambulu, patangopita masiku asanu okha. Wonga wosakanikiranawo ndauika m'kabotolo kolembedwa, abwana akuti akautaya okha mwa njira yake. Zigoba ndazipukuta m'kati ndi kaburashi.

Bambo uja ndakumana naye pa geti m'mawa uno, agogo, ndamufotokozera monga munanenera. Anakhala chete kanthawi, kenako anati mfuti ya bambo ake inali Martini-Henry, ndipo ankadzaza ndi wonga wakuda. Akuti ali ndi .303 yake imene zigoba zimavuta kutuluka kwa zaka zingapo tsopano, ndipo amaikamo kapepala kotsindira pa wonga. Lachitatu tikupita limodzi ku tauni, iye kwa mmisiri wa mfuti, ine kukafuna buku.

Mtovu_SouthBend
Muwauze atenge zigoba zitatu kapena zinayi zowombera kale m'mfuti imeneyo, zosakonzedwanso. Mmisiri akayang'ane pa khosi, pamene pamathera chipolopolo. Ngati kamphete kalipo kadzaonekera pamenepo asanasuzumire n'komwe m'chemba.

Mlonda_Lephalale
Ndamutumizira uthenga pompano. Akuti ali nazo zodzaza chitini cha khofi, abwera nazo zonse.